Kuthetsa ukwati kukhoti mu Blantyre: poyambira, podutsa, ndi pepala loti musalisiye

Mu Ndirande, Bangwe, Chilobwe ndi Mbayani muli anthu ambiri amene ukawafunsa amati banja lawo linatha kalekale, koma palibe khoti limene linalithetsa. Bambo ananyamula chikwama n'kukachita lendi ku Machinjiri, mayi anabwerera kwawo ku Lunzu ndi ana, ankhoswe anakhala pansi kangapo mpaka kutopa, nkhani n'kuzilala yokha. Pamaso pa lamulo awiriwa akadali mwamuna ndi mkazi wake. Vutoli limadzaonekera mochedwa: mmodzi akafuna kumanga ukwati wina, akafuna kugulitsa nyumba imene anamanga limodzi, kapena akamwalira n'kusiya penshoni ndi chuma chamasiye. Pamenepo ofesi iliyonse imafunsa chigamulo cha khoti. Kalata ya amfumu ndi mawu a ankhoswe ndi umboni wabwino, koma sizilowa m'malo mwa pepalalo.

Sindikulemba izi kuti ndikankhire munthu kukathetsa banja. Ndikulembera amene waona kuti zafika pamapeto, kuti ayende njirayi mpaka kumathero ake.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa ukwati wanu

Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015. Limavomereza maukwati a mitundu inayi: wolembetsa kuboma, monga kwa DC kapena kwa Registrar General, wachikhalidwe, umene timauzindikira ndi chinkhoswe, wachipembedzo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wongolowana, pamene awiri akhala limodzi nthawi yaitali anthu onse n'kumawadziwa ngati banja. Wongolowanawu khoti ndi limene limautsimikiza, ndipo limafuna kuti mukhale mutakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Limayang'ananso ngati muli ndi ana, mmene mumathandizirana pa ndalama ndi katundu amene munapeza limodzi. Choncho mayi amene wakhala ndi bambo zaka khumi popanda chinkhoswe asamvere zoti "sunali mkazi wanga, nyamuka". Ali ndi poyambira.

Mtundu wa ukwati ndi umene umakuuzani khomo loti mugogode. Wachikhalidwe umathetsedwa kubwalo la majisitireti. Mu mzinda muno muli bwalo la majisitireti la Blantyre, ndipo ku Limbe kuli la Midima ndi la Dalton. Kawirikawiri mumapita ku limene lili pafupi ndi kumene mukukhala. Wolembetsa kuboma umapita ku High Court ku Chichiri, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye yotchedwa Family and Probate Division. Ambirife tinachita ziwiri, chinkhoswe kenako kukadalitsa kutchalitchi. Ngati ndi choncho, tengani satifiketi imene munalandira tsiku la ukwati mukamuonetse kalaliki wa khoti kapena loya. Pamwamba pake pamalembedwa lamulo limene ukwatiwo unamangidwira, ndipo mawu amenewo ndi amene amasonyeza bwalo loyenera. Safunsa anadya phula: mlandu ukatsegulidwa pabwalo lolakwika, chigamulo chake chikhoza kudzafafanizidwa, inu n'kuyambiranso.

Chaka chimene munakwatirana nachonso n'chofunika. Pa nkhani yothetsa ukwati, lamulo la 2015 limakhudza maukwati omangidwa lamuloli litayamba kugwira ntchito. Amene analembetsa kuboma kale chakacho chisanafike amaweruzidwa motsata lamulo lakale la Divorce Act, limene ndi lolimbirapo. Mwachitsanzo, pa nkhani yothawidwa, lakale limafuna kuti padutse zaka 3, pamene latsopano limafuna chaka chimodzi.

Ngati m'nyumbamo muli nkhanza

Apa musadikire za chisudzulo. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi imene muli nayo pafupi, ndipo ngati mwavulala kalandireni chithandizo kuchipatala n'kusunga lipoti la dokotala. Pa Queen Elizabeth Central Hospital pali malo olandirira anthu ochitiridwa nkhanza pamene achipatala, apolisi ndi azachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanzayo kukuyandikirani, ngakhalenso yomutulutsa m'nyumba inu n'kutsalamo ndi ana, ukwati usanathe n'komwe. Mapepala amenewa adzagwiranso ntchito ngati umboni pa mlandu wa ukwati.

Ankhoswe musawadumphe

Pa ukwati wachikhalidwe, limodzi mwa mafunso oyamba a woweruza ndi lakuti, "Ankhoswe anu ali kuti, ndipo nkhaniyi anaikambapo?" Iwo ndi amene amatsimikiza kuti ukwatiwo unalipodi, unamangidwa liti ndiponso motsata mwambo uti, wachikamwini kapena wolowola. Ndi iwonso amene amauza khoti kuti anayesa kuyanjanitsa koma zinakanika. Auzeni amalume kapena achimwene amene anaimira mbali yanu nthawi ikadalipo, ndipo ngati akuchokera ku Thyolo kapena ku Chiradzulu konzani ya thiransipoti. Nkhoswe akakhala kuti anamwalira, wachibale wina amene analipo pa chinkhoswe akhoza kuchitira umboni. A mbali inayo akamazemba dala, musataye mtima. Khoti likhoza kuwaitanitsa.

Zoti musonkhanitse musanapite

Tengani chiphaso cha unzika, satifiketi ya ukwati ngati ilipo, ndi mapepala a ana: zikalata za kubadwa, mabuku a kusikelo, malisiti a fizi. Satifiketi ikakhala kuti inasowa kapena mnzanuyo waibisa, kapempheni ina kumene ukwatiwo unalembedwa, kaya ndi kuparishi, kumzikiti kapena ku ofesi ya boma, chifukwa kaundula amakhalapo.

Kenako khalani pansi ndi kope mulembe katundu yense: puloti, nyumba, galimoto, njinga yamoto ya kabaza, mashini osokera, firiji, ziweto zimene zili kumudzi, masheya a kubanki m'khonde, ndi ngongole zomwe. Pa chilichonse lembani chaka chimene chinabwera ndi kumene ndalama yake inachokera. Jambulani pafoni mapepala a puloti, bluebook ya galimoto ndi malisiti a simenti ndi malata, zithunzizo muzitumize kwa mbale wodalirika. Katundu amayamba kusowa m'nyumba munthu akangomva kuti wasumiridwa, ndipo chimene simunachilembe n'chovuta kudzachikumbukira mutaima m'bokosi mtima ukugunda.

Kutsegula mlandu

Kwa majisitireti simufunika loya. Fikani m'mawa ku ofesi ya akalaliki a milandu yosakhala yaupandu, munene kuti mukufuna kusuma nkhani ya ukwati. Adzakufunsani dzina lanu, la mnzanuyo, kumene amakhala kapena kugwira ntchito, ndi chidandaulo chanu mwachidule. Apa nenani zonse zimene mukufuna khoti ligamule: kuthetsa ukwati, kosungira ana, chithandizo cha ana, kugawa katundu, ndi nyumba ngati mwambo wanu umatero. Ambiri amangoti "ndikufuna andisudzule", zinazo n'kudzazikumbukira mlandu utatha.

Mudzalipira ndalama ya chisamani pa kauntala yolandirira ndalama, ndipo akupatseni lisiti la boma. Musapereke ndalama m'manja mwa munthu pakhonde kapena pansi pa mtengo, ngakhale atalonjeza kuti fayilo iyenda msanga. Pa chisamanicho pamakhala nambala ya mlandu ndi chaka chake. Nambala imeneyi ilembeni m'kope, muisunge mufoni, muuzenso mbale wanu. Mudzaifuna pa ulendo uliwonse, ngakhale patapita zaka makumi awiri.

Ku High Court njira yake ndi ya mapepala ambiri. Pamalembedwa pempho lotchedwa petition, lofotokoza za ukwatiwo, ana, zimene zachitika ndi zimene mukupempha, ndipo mumalumbira kuti zolembedwazo n'zoona. Lamulo silikuletsani kudziimira nokha, koma ine ndingakulangizeni kupeza loya. Ngati thumba silikulola, pitani ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi mu Blantyre muno. Amaunika kapezedwe kanu, ndipo akhoza kukuimirani ulere kapena kukupemphani kuti muthirepo pang'ono. Bungwe la Women Lawyers Association nalonso limathandiza amayi ndi ana pa milandu yotere.

Chisamani chimufike mwini wake

Khoti silizenga mlandu munthu asanauzidwe kuti wasumiridwa. Chisamani chiyenera kumufika, ndipo pakhale umboni woti chinafika. Ngati pakati panu pali ukali, musakapereke nokha. Pemphani kuti apititse mesenjala wa khoti, inu mungolongosola bwino malowo, kuti ndi kuseri kwa chigayo chiti kapena geti la mtundu wanji. Akalandira koma osabwera, woweruza amatha kumupatsa mwayi wina, kenako n'kumva mbali yanu yokha.

Nanga amene anapita ku Johannesburg kapena Cape Town n'kusiya kuimba foni? Amayi ambiri amaganiza kuti amangika mpaka adzabwere. Ayi. Mukhoza kupempha khoti kuti lilole njira ina yomudziwitsira, monga kulengeza m'nyuzipepala kapena kupereka chisamanicho kwa abale ake. Chofunika n'chakuti chilolezocho chichokere kwa woweruza, osati mungoganiza nokha.

Tsiku la mlandu

Fikani nthawi isanakwane, ndi ankhoswe ndi mboni zanu, mapepala ali m'jumbo kuopa mvula. Mudzakhala pabenchi kudikira kuti nambala yanu iitanidwe. Yankhulani m'Chichewa momasuka; womasulira amakhalapo. Milandu imasunthidwa kawirikawiri, mwina woweruza ali kumsonkhano, mwina mbali inayo yapempha tsiku lina. Zikatero musachoke musanamve tsiku latsopano kuchokera kwa kalaliki. Wosuma akajomba, mlandu umatha kuchotsedwa.

Pansi pa lamulo la 2015, chimene khoti limafuna kukhutira nacho ndi chakuti ukwatiwo wasweka moti sungakonzekenso. Pofuna kuona zimenezi limayang'ana zinthu monga chigololo chimene chakufikitsani poti simungathenso kukhala naye, nkhanza, kuthawidwa popanda chifukwa kwa chaka chathunthu, kapena matenda a misala osachizika amene munthu wakhala akulandira nawo chithandizo zaka zosachepera 2. Nkhanza si kumenya kokha. Kutukwanidwa tsiku ndi tsiku, kumanidwa chakudya ndi kuopsezedwa nazonso zifotokozeni. Ngakhale nonse awiri mutagwirizana kuti zithe, woweruza amafunabe kumva umboni, ndipo akaona kuti mpata woyanjana ulipo akhoza kukubwezani kwa ankhoswe kapena kwa alangizi kaye.

Pofotokoza, tchulani zinthu ndi nthawi yake. Kunena kuti "amandizunza" sikulemera ngati kunena kuti mwezi wakuti anakumenyani ndi chakuti, munapita kupolisi yakuti, lipoti lake ndi ili. Mnzanuyo adzapatsidwa mpata wokufunsani mafunso. Ena mwa mafunsowo amapweteka, makamaka pamene apongozi ali pabenchi kumbuyo kwanu. Yang'anani kwa woweruza, yankhani chimene mwafunsidwa, ndipo musabwezere mwano.

Ana, katundu ndi nyumba

Apa ndi pamene ndikufuna mudekhe kwambiri, chifukwa anthu ambiri akangomva kuti "ukwati watha" amaimirira n'kumapita, mtima uli m'malo kuti apumula, osadziwa kuti gawo lokhudza mawa lawo latsala.

Pa za ana, khoti silitsata zoti kwathu ana ndi a kwa mayi kapena kuti ine ndinalowola. Limayang'ana chimene chingawakomere anawo: msinkhu wawo, amene wakhala akuwasamalira, sukulu, ndi malo ogona. Ana oyamwa ndi aang'ono kawirikawiri amatsala ndi mayi pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. Kholo limene silikusunga ana limakhalabe ndi ufulu wowaona komanso udindo wowathandiza. Popempha chithandizo musangoti "aziwathandiza". Bwerani ndi masamu: fizi pa teremu, yunifolomu, chakudya pa mwezi, lendi, mankhwala. Pemphani kuti chigamulo chitchule ndalama yake, tsiku la mwezi loperekera ndi njira yake, kaya kudzera kukhoti, kubanki, pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti pazikhala umboni. Zinthu zikakwera mtengo mukhoza kudzabwerera kukapempha kuti ndalamayo ionjezedwe. Akasiya kupereka, bwererani ndi nambala ya mlandu ija. Khoti lili ndi njira zomukakamizira, kuphatikizapo kulamula kuti azidulidwa kumalipiro ngati ali pantchito. Nkhani za ana zimamvedwanso ku Child Justice Court, motsata lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010.

Pa za katundu, gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati ukwati ukatha mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chithandizo choyenera. Lamulo la 2015 linaonjezera mfundo imene amayi ambiri saidziwa: pogawa katundu khoti liwerengere zimene aliyense anathirapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Mayi amene ankadzuka mbandakucha kukazinga mandasi, ndalama yake n'kumagulira ndiwo kuti malipiro a bambo apite ku njerwa, anamanga nawo nyumbayo ngakhale dzina lake palibe pa pepala la puloti. Amene ankatungira madzi amisiri ndi kuwaphikira anene zimenezo m'khoti, asazione ngati zazing'ono. Chimodzimodzinso bambo amene anakuza bizinesi ya mkazi wake. Izi sizitanthauza kuti chilichonse chimadulidwa pakati. Katundu amene munthu anali naye asanakwatire, kapena wosiyiridwa ndi makolo, amaonedwa mosiyana. Katundu akakhala wa mtengo waukulu, majisitireti akhoza kutumiza gawo limeneli ku High Court.

Pa maukwati a chikamwini, amene ndi ochuluka kuno kummwera, mwambo umati mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo. Makhoti akhala akulamula kuti amene sanamange amange, kapena apereke ndalama m'malo mwake. Amalamulanso chipepeso kwa amene wapezeka kuti ndiye waphwasula banja. Ngati zikukukhudzani, zitchuleni mlandu usanatsekedwe. Mukapanda kukhutira ndi chigamulo cha majisitireti, apilo imapita ku High Court, koma masiku ochitira apilo ndi owerengeka, choncho funsani kalaliki tsiku lomwelo.

Ku High Court chigamulo chimabwera pawiri

Jaji akakhutira, amayamba wapereka chigamulo chongoyembekezera chotchedwa decree nisi. Ukwati umakhala usanathe. Pamayenera kudutsa nthawi imene lamulo limaika, kenako mumapempha chigamulo chomaliza, decree absolute. Sichibwera chokha, inu kapena loya wanu ndi amene mumakachipempha. Alipo anthu akusunga decree nisi m'sutikesi zaka zambiri akuganiza kuti anamasuka. Amene anamanga ukwati wa kuboma akakwatira kapena kukwatiwa kwina chomalizachi chisanatuluke amapalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Ngati mlandu wanu unali kwa majisitireti, funsani kalaliki ngati chigamulo chimene mwalandira ndi chomaliza.

Kutenga mapepala a chisudzulo

Zimene woweruza wanena pakamwa ziyenera kulembedwa, kusainidwa ndi kudindidwa. Pitani ku ofesi ya akalaliki ya bwalo lomwe linazenga mlanduwo, ndi chiphaso chanu ndi nambala ya mlandu. Pemphani zinthu ziwiri: chikalata chotsimikiza kuti ukwati watha, ndi chigamulo chonse chimene muli za ana ndi katundu. Nthawi zambiri woweruza amalemba pamanja, ndiye pamafunika kutaipa kaye. Funsani tsiku loti mudzabwere, lembani dzina la ofesi imene mwasiyako pempholo, ndipo lipirani polandira lisiti.

Akakupatsani, musathamangire minibasi. Imani pomwepo muwerenge. Onani ngati maina alembedwa monga alili pa chiphaso cha unzika, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana, a banki kapena a Immigration adzakubwezani. Onani tsiku, nambala ya mlandu, siginecha ya woweruza ndi chidindo cha khoti. Onani ngati ndalama ya ana ndi mndandanda wa katundu zikufanana ndi zimene munamva m'khoti. Cholakwika chimakonzeka msanga fayilo ikadali pa tebulo kusiyana ndi ikalowa m'chipinda chosungira. Mukatero kachititseni mafotokope angapo, akadindidwe ndi khoti kapena ndi loya wolumbiritsa anthu kuti ndi ofanana ndi chenicheni. Chenichenicho musamachisiye ku ofesi iliyonse.

Ngati ukwati unatha kale ndipo pepala linatayika, linanyowa kapena linapsa, njira ndi yomweyo: bwererani ku bwalo lomwelo, osati lina. Nambala ya mlandu mukaiiwala, perekani maina onse awiri monga analembedwera nthawiyo ndi chaka, ngakhale mongoyerekeza, kuti akalaliki afufuze m'kaundula wa milandu ya chaka chimenecho. Lembani kalata yopempha, yopita kwa woyang'anira bwalolo kapena kwa Registrar ngati ndi ku High Court, ndipo musunge kope yake yodindidwa. Loya amene anakuimirani amakhalanso ndi fayilo yake. Maukwati ambiri achikhalidwe amene anatha chisanafike chaka cha 1994 anathera ku makhoti a Traditional Court, amene anathetsedwa. Yambirani kufunsa kwa majisitireti wa dera lomwelo, ndipo zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Mwana amene akufuna pepala la makolo ake pa nkhani ya chuma chamasiye atenge umboni wa ubale wake ndi chikalata cha imfa, afotokoze m'kalatamo chifukwa chimene akulifunira. Pepala likakhala loti likagwire ntchito kunja kwa dziko, funsani kaye ofesi ya kazembe wa dzikolo chidindo chimene amafuna musanalitumize.

Pepala lili m'manja, mwatsala ndi maulendo ochepa. Pitani kwa abwana anu kapena ku kampani ya penshoni ndi inshuwalansi mukasinthe maina a odzalandira, chifukwa fomu imene munalemba muli pa chikondi imakhalabe momwemo mpaka mutaisintha. Ngati munalemba wilo, ilembeninso. Ngati khoti lakupatsani puloti kapena nyumba, yambani msanga kusintha umwini ku khonsolo ya mzinda, ku Malawi Housing Corporation kapena ku ofesi ya malo, malinga ndi amene ali mwini nthakayo. Galimoto ku Road Traffic. Amayi amene akufuna kubwerera ku dzina la kwawo ayambire ku National Registration Bureau, chifukwa banki ndi pasipoti zimatsata zimene zili pa chiphaso cha unzika.